Kalata kwa akuluakulu a Marvel: maliro a T'Challa sanali malo otsatsira malonda

A Kevin Feige, mkulu wa Marvel Studios, a Ryan Coogler, wotsogolera mafilimu a Black Panther, ndi mabwana nonse a Marvel Studios ndi Disney,

Ndikukulemberani m'Chichewa chifukwa ndi chiyankhulo chomwe ndimalira nacho, ndipo nkhani ndabwera nayoyi ndi ya maliro. Ndikudziwa kuti pakufunika womasulira kuti mumve, koma sizovuta, nanunso munatipatsa filimu yomwe anthu ake amayankhula Chixhosa ena Chimaya cha ku Yucatan ndipo ife tinkangowerenga timawu tam'munsi tija mpaka kumapeto. Ndamva kuti Black Panther yachitatu ili m'njira, a Denzel Washington anaulula okha mu 2024 kuti a Coogler akuwalembera gawo, ndiye ndati musanapite patali mumveko kaye za yachiwiri ija, Wakanda Forever, kuchokera kwa munthu amene anaidikira ndi mtima wonse, anaionera kawiri, ndipo mpaka lero imamupweteka akaikumbukira.

Mwina simudziwa bwino kukula kwa chiyembekezo chomwe munatipatsa. Yoyamba ija itatuluka mu February 2018 ine ndinali ku Joni kumaganyu, ndipo sindinali munthu wa ku sinema ayi, ndalama ya tikiti ndinkaiwerengera ngati ufa wa kunyumba. Koma msuweni wanga anandikoka kuti tiyeni basi, iyi siyoonera pa foni. Zomwe ndinaona tsiku limenelo sindidzaiwala, anthu atavala zakwawo ngati akupita kuchinkhoswe, azimayi a Chisotho akukuwa ataona mabulangete akwawo pa sikirini, a John Kani akuyankhula Chixhosa anthu mu holo nkumayankha ngati akuyankhula ndi agogo awo enieni. Ndiye panatulukira mayi Connie Chiume atakhala pabwalo la akuluakulu a Wakanda, msuweni wanga anandigwira mkono mwamphamvu nkuti awotu ndi akwathu awo, bambo awo anali a ku Usisya ku Nkhata Bay. Ine wa m'chigawo chapakati, ku Usisya sindinafikeko, koma tsiku limenelo ndinatuluka ndikuyenda ngati ndi azakhali anga. Filimu ija inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, inatenga ma Oscar atatu, inali yoyamba ya ma superhero kupikisana nawo pa filimu yabwino koposa ya chaka, zonsezo mukuzidziwa kuposa ine. Chomwe mwina simudziwa ndi choti ngakhale kumudzi kwathu komwe kulibe sinema, ana ankapingasa manja pachifuwa akakumana panjira.

Kenako pa 28 August 2020 a Chadwick Boseman, omwe ankasewera T'Challa mfumu ya Wakanda, anatisiya, ali ndi zaka 43, khansa ya m'matumbo. Tinadzamva pambuyo kuti anaipeza kale mu 2016, kutanthauza kuti nthawi yonse ankadumpha ndi kumenya ija munthuyo anali akudwala, akupita kuchipatala mwakachetechete nkubwerera kuntchito. Inu munalengeza kuti simuika munthu wina pa malo a T'Challa. Ambiri anakangana nazo, ine panthawiyo ndinati mwachita bwino, mpando wa womwalira sathamangira kukhalapo. Ndipo trailer itatuluka mu July 2022, ija ya nyimbo ya Bob Marley yoimbidwa ndi Tems, ndinathera bandulo yonse kuibwereza, mayi Angela Bassett, omwe amasewera Mfumukazi Ramonda mayi wa T'Challa, akulira mokuwa pampando wachifumu, anthu ovala zoyera akuvina. Ndinadziuza kuti anthu awa akudziwa chomwe akuchita, akutiitanira ku maliro ndipo tikalira bwinobwino.

Ndinali ndi chifukwa changa chofunira kulira. Chaka cha 2021 achimwene anga anamwalira, nawonso anabisa matenda, ankangoti ndi m'mimba chabe ndamwa kale mankhwala, pofika poti tidziwe zoona zinali zitapita kale. Ine ndinali kunja, malire ali ovuta ndi mliri uja, sindinafike pa maliro, dothi sindinaponye. Ndiye polowa mu sinema mu November 2022 sindinalowe ngati wokaonera nkhonya ayi.

Ndipo ndinene zoona, mphindi zoyamba zija munandipatsa zonse zomwe ndinabwerera. Shuri, mlongo wake wa T'Challa, akuthamangathamanga mu labu yake kuyesa kupanga mankhwala opulumutsira mchimwene wake, makina akumuuza kuti sizikutheka, iye osamva, kenako mayi ake nkulowa mwakachetechete kudzamuuza. Aliyense amene anathamangako ndi botolo la mankhwala pakhonde la chipatala nkupeza bedi atayala kale akudziwa nkhope imene ija. Kenako mwambo, zovala zoyera, ng'oma, anthu akuvina uku akulira monga timachitira kuno, osati maliro ozizira a m'mafilimu ena oti aliyense waima ndi ambulera yakuda osatulutsa mawu. Ndiye chizindikiro cha Marvel chija chinabwera opanda nyimbo, zithunzi za a Boseman zokhazokha. Mu holo monse munali zii, ngakhale wotafuna popcorn panalibe, ndinamva bambo wina kumbuyo kwanga akufwenthera. Pamenepo a Coogler ndikukuthokozani ndi mtima wonse, munataya mnzanu weniweni ndipo zinaoneka.

Mayi Bassett nawo, aaa, palibe chonena. Pa msonkhano wa United Nations paja akuyang'ana nthumwi za France ndi America m'maso, asilikali achikazi aja akulowetsa zigawenga zomwe zinagwidwa zikuba ku Mali nkuzigwaditsa pamaso pa dziko lonse, thupi langa linachita tsembwe. Ndi pamene akuchotsa Okoye, mkulu wa asilikali achikazi aja, paudindo, mayi wotaya mwamuna ndi mwana tsopano wamva kuti wotsala yekhayo watengedwanso, mkwiyo uja sunali wa sewero. Anawapatsa Golden Globe, ku Oscar anangofika pa mndandanda osapata, ine ndimaonabe kuti anayenera kupata.

Koma tsono, filimuyo itangofika ku Boston ndinayamba kumva ngati munthu wandikoka malaya pakati pa nyimbo ya maliro. Mwadzidzidzi tili ku yunivesite ya MIT ndi mtsikana Riri Williams, nthabwala, magalimoto kuthamangitsana ndi apolisi, suti yachitsulo youluka. Ndilibe naye chifukwa mtsikanayo, Dominique Thorne anasewera bwino zomwe anapatsidwa, koma aliyense ankaona kuti sanabwere chifukwa nkhani ya Shuri ikumufuna, anabwera chifukwa muli ndi pulogalamu yake ya Ironheart yomwe munkafuna tidzaonere pa Disney+ mtsogolo. Ndiye mukuonjezeranso a Everett Ross ndi mayi uja Valentina wa CIA, akukambirana za banja lawo lomwe linatha, m'khitchini, m'galimoto, ku Virginia, nkhani zoti mutazichotsa zonse filimuyo singasinthe kalikonse. Nawonso tikudziwa kuti ankakonzera njira mafilimu ena akubwera. Filimu ndi ya mphindi 161, pafupifupi maola atatu, ndipo nthawi iliyonse mtima ukangoyamba kukhazikika ku Wakanda mumatinyamula nkukatiponya ku America.

Kwathu kuno pa maliro pamakhala dongosolo. Amayankhula a mfumu, a kubanja, a mpingo, amawerenga chipepeso, adzukulu amapereka lipoti la kumanda. Ndipo timawadziwa anthu aja amene amapatsidwa maikolofoni kuti apepese anamfedwa koma amayamba kunena za msonkhano wawo wa sabata ya mawa, kapena za kampeni. Anthu sawaletsa, amangoweramitsa mitu, koma pobwerera kunyumba nkhani imakhala yomweyo, kuti munthu uja alibe ulemu. A Feige, gawo limenelo ndikuona kuti ndi lanu. Inu ndi amene mumayang'anira kuti filimu iliyonse ilumikizane ndi inzake, ndipo njira imeneyo yakupindulirani zaka zambiri kuyambira 2008, sindikutsutsa. Koma iyi inali imodzi yokha yomwe munayenera kuisiya ipume, munthu weniweni anali atamwalira.

Kachiwiri ndinaionera kunyumba nditabwerera, chaka chotsatira, ndi mayi anga. Iwo si a mafilimu, amakonda wailesi ndi kwaya basi, koma ndinawauza kuti iyi ndi ya mayi amene mwana wake wamwamuna anamwalira. Tinatseka makatani, ka TV kathu kakang'ono patebulo, ine ndikumasulira pang'onopang'ono ngati anyamata aja omasulira mafilimu m'mavidiyo sho. Poyamba anakhala chete atagwira chitenje pakamwa. Pa maliro paja anati, ee, akuvina, ndiye kuti anali munthu wamkulu. Mfumukazi ikuyankhula ankangogwedeza mutu ngakhale ndisanamasulire. Koma atatulukira a Ross kachitatu anandifunsa kuti, kodi azungu awiriwa ndi achibale a malemu? Ndinati ayi. Anati nanga akutani pano? Ndinasowa choyankha, ndinangoti ndi a filimu ina. Anadzuka kukaona nyemba pamoto nkundiuza kuti ndiwaitane mayi uja akabweranso.

Chinanso chomwe ndinachiona bwino tsiku limenelo ndi mdima. Mzinda wa pansi pa nyanja uja, Talokan, munautamanda kwambiri isanatuluke filimu, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu anakhetsa thukuta kuumanga, koma ngakhale mu sinema ndinkachita kutsinzinira kuti ndione. Pa TV ya kunyumba ndiye kunali bii, timangomva nyimbo nkumaona tinthu tobiriwira tikuyenda. Ndikumvetsa kuti pansi pa nyanja kulibe dzuwa ndipo munkafuna zioneke zenizeni, koma anthu ambiri amene amakonda Wakanda kuno saonera pa sikirini zazikulu zija, amaonera pa foni yosweka galasi, pa TV ya m'sitolo ya ometa, masana dzuwa likulowa pawindo. Yoyamba ija inali yowala, mitundu ya zovala za mayi Ruth Carter inkaoneka ngakhale pa kafoni, nchifukwa chake inafika kutali.

Tsono ndifike pa chomwe chimandivuta kwambiri. Namor, mfumu ya Talokan, ndinamukonda, Tenoch Huerta anamusewera ngati munthu woti ukhoza kumuopa komanso kumumvera chisoni nthawi imodzi. Mbiri yake munaikonza mwanzeru, anthu a Chimaya othawa nthomba yobwera ndi a Spain zaka za m'ma 1500, mwana wobwerera kumtunda kudzaika mayi ake nkupeza abale ake ali mu unyolo akukwapulidwa. Munthu wa kuno safunika kumufotokozera zimenezo, agogo athu anatiuza za thangata. Ndiye muli ndi mitundu iwiri, wina unabisala m'mapiri wina m'madzi, onse akuthawa anthu amodzimodzi ofuna chuma cha pansi pa nthaka yawo. Amene anatumiza zigawenga ku Mali ndi France. Amene anatsitsa makina ofufuzira vibranium, chitsulo chamtengo wapatali cha ku Wakanda chija, m'nyanja ya Atlantic ndi America. Koma filimu ikamatha amene afa ndi ndani? A Wakanda ndi a Talokan, kuphana okhaokha pa sitima pakati pa nyanja, likulu la Wakanda litamizidwa, pamene oyambitsa aja ali phee m'maofesi mwawo osakandika ngakhale pang'ono.

Mwina a Coogler munkafuna kuonetsa zomwezo, kuti umu ndi mmene zimakhalira, ndipo zoonadi tikayang'ana kummawa kwa Congo komwe kuli coltan ndi golide timaona abale akuphana pamene miyala ikukwera ndege. Ngati cholinga chinali chimenecho ndiye munayenera kuchinena mpaka kumapeto, wina mufilimumo aime nkuloza chala komwe kwachokera moto. Koma nkhaniyo munaiyamba mwamphamvu ku United Nations nkuisiya panjira, ndipo ine ndinatuluka ndikuganiza kuti kapena kampani yaikulu ya ku America imafika pena pake nkuopa kupitiriza. Ndikhoza kulakwa. Koma mmene zinathera, mwana woonera amangotenga zoti adani a Wakanda ndi anthu a buluu a m'madzi.

Ndipo munapheranji Ramonda? Funso ili si langa ndekha, mayi anga ndi amene analifunsa, mokweza, mbale ili m'manja. Anati mtsikanayu bambo ake anafa, mchimwene wake wafa, tsopano mukumulandanso mayi, akuti atani? Ndinayesa kufotokoza kuti olemba amafuna Shuri afike pa mkwiyo weniweni kuti asankhe yekha pakati pa kubwezera ndi kukhululuka, iwo anangoti chisoni chimodzi chija sichinakwane? Ndaganizira mawu amenewo nthawi yaitali ndipo ndikuona kuti ananena zoona. Imfa ya T'Challa inali yokwanira kunyamula filimu yonse chifukwa inali yeniyeni, tonse tinkaidziwa. Imfa yachiwiriyo inali yolemba, yofuna kukankha nkhani kuti ifike pa nkhondo yomaliza, ndipo inatichotsera munthu amene ankagwira filimuyo ngati mzati. Mayi Bassett atangochoka, nyumba inayamba kugwedera.

Letitia Wright, wosewera Shuri, ndimupatse ulemu wake. Sanalembedwe ntchito kuti adzakhale ekitala wamkulu, mu yoyamba ija anali kamlongo kanthabwala, ndipo anavulala koopsa akujambula ku Boston mu 2021 mpaka ntchito inaima kwa kanthawi. Koma anasenza. Pamene wamwa mankhwala aja akuyembekeza kukumana ndi mayi ake kapena mchimwene wake kwa mizimu nkupeza Killmonger, mdani wa T'Challa mu yoyamba ija, atakhala pampando, pamenepo ndinati eya, iyi ndiye filimu ndinabwerera, chifukwa ndi zoona kuti ukaferedwa si nthawi zonse umakumana ndi mtendere, nthawi zina umakumana ndi mkwiyo wako womwe. Ine ndinakwiyira achimwene anga miyezi yambiri chifukwa chobisa, ndipo ndinalibe womuuza.

Mapeto enieni aja, ku Haiti, Shuri yekha pagombe akuwotcha zovala za maliro zomwe anakana kuwotcha poyamba, opanda nyimbo kwa kanthawi, mphepo yokha ndi zithunzi za mchimwene wake zikubwera m'maganizo, pamenepo mayi anga anali atakhalanso pansi. Sanafunse kuti ndimasulire. Anangoti wavula, monga timanenera munthu akavula zakuda nthawi yolira ikatha. Iwo anali asanavule za achimwene, chiliza tinali tisanamange. Tinakhala chete mpaka mayina oyamba anatha kuyenda, kenako katulukira kamnyamata kaja Toussaint, mwana wa T'Challa amene mayi ake Nakia ankamulera mobisa, kakumwetulira, ndipo mayi anaseka koyamba tsiku limenelo misozi ili m'masaya, chifukwa achimwene nawonso anasiya kamnyamata.

Ndiye mukandifunsa ngati filimuyi inafika pomwe tinkayembekeza, yankho langa ndi loti inafika pamene munalola anthu kulira, ndipo inagwa pamene munakumbukira kuti muli ndi zina zogulitsa. Mkati mwa maola atatu aja muli filimu ya maola awiri yomwe ikanakhala yoposa yoyamba ija, ndimaiona bwinobwino, ndipo nchifukwa chake zimandiwawa. Ikanakhala yoipa yonse ndikanangoiwala ngati zina zambiri zomwe mwatulutsa zaka zapitazi. Ndalama inapanga, madola oposa 850 miliyoni, mayi Carter anatenganso Oscar ya zovala ndipo anayenera, choncho m'mabuku anu mwina zonse zili bwino. Koma kuno sindinaone ana akusewera za Talokan panjira.

Pa yachitatuyi ndikupempha, a Feige, muwasiye a Coogler anene nkhani imodzi. Aliyense amene akulowa mufilimumo alowe chifukwa Wakanda ikumufuna, osati chifukwa ali ndi pulogalamu yake chaka chamawa. Ndipo nkhani ya T'Challa muiganizirenso mofatsa. Ndinagwirizana nanu mu 2020, koma zaka zapita, ndipo kwathu mfumu ikamwalira timalira, timadikira, kenako dzina limalowedwa, silikwiriridwa limodzi ndi munthu. Kamnyamata kaja munatisonyeza kali ndi dzina la bambo ake, musakasiye ku Haiti ngati chinthu chongotitonthoza nacho pamapeto, kakule, tikaone.

Ndikupemphanso za mayi Connie Chiume. Anamwalira pa 6 August 2024 ku Johannesburg ali ndi zaka 72, atasewera m'mafilimu anu onse awiri a Wakanda, ndipo anthu a kummwera kuno anawadziwa kalekale pa TV inu musanawapeze. Mpando wawo pabwalo la akuluakulu usangopezeka wakhala wina ngati palibe chachitika, ngakhale chiganizo chimodzi chokha chowakumbukira chidzamveka kutali, mpaka ku Usisya. Ndipo poti mafilimu awiri onsewa munajambulira kwambiri ku Atlanta, ngakhale munachita bwino kukaonetsa yachiwiriyi ku Lagos ndi kuitana oimba ngati Tems ndi Burna Boy, ulendo uno bweretsani makamera enieniwo kuno, ndi olemba nkhani a kuno akhale nawo patebulo pomwe mukugamula zoti afe ndani, amenyane ndi ndani. Wolemba amene anakulira pafupi ndi mgodi sakanalola kuti nkhani ya France ija ithere m'malere.

Chiliza cha achimwene tinamanga chaka chathachi, mayi anavula. Mwana wawo uja ali sitandade 3 tsopano ndipo filimu yoyamba ija waionera kambirimbiri pa foni yanga, yachiwiriyi sindinamuonetse, ndikudikira akuleko. Mayi amandifunsabe nthawi zina ngati ya kamnyamata kaja yatuluka, ndimawauza kuti akulemba.

Ndine wanu,
Wokonda Wakanda wa ku Malawi